Ng'ombe ya M'chifuwa

Anandisasula ngati denga lodontha
ku Glenfield, Lachiwiri m'mawa,
nachotsa chitseko chofumbwa cha mtima wanga,
naikapo china, chosokedwa ndi kachikopa ka ng'ombe.
Fupa analimanga ndi waya
monga timachitira ndi mpini wong'aluka.

Ine Lufeyo Chimbalanga,
amene ndayendetsa basi mu Leicester muno
zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu
osagunda ngakhale nkhunda,
lero andiletsa kunyamula ketulo yodzadza.

Eneless wandipatsa pilo.
Chifuwa chikabwera ndimamukumbatira
ngati khanda la eni lomwe ndikuopa kuligwetsa.
Kuyetsemula ndiye mlandu waukulu.

Sabata yoyamba ndinalira chifukwa cha sokosi.
Inali pomwepo, pansi, ikundiyang'ana,
ine pabedi ngati munthu wa tsidya lina la mtsinje wosefukira.
Mkazi wanga anagwada osanena kanthu, nandiveka,
ndipo ndinaona kuti paliwombo pake payera mbuu.
Zinayamba liti imvizi?
Nanga ine ndinali kuti?

Mapiritsi ali m'kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri.
Mchere aubisa pashelefu yapamwamba
pomwe akudziwa kuti mkono sundilola kufika.

Namwino Siobhan anati: muziyenda, tsiku ndi tsiku.
Lolemba ndinafika pa bini.
Lachinayi pa polo yamagetsi yoyamba,
ndinaigwira ngati mbale wanga wotayika,
kamvula kawo kano kosadziwa kugwa kapena kuleka
kakundinyambita m'khosi.
Mapolo awiri. Atatu. Asanu.
Kenaka tsiku lina awiri okha,
ndinabwerera ndili wefuwefu
n'kukhala pa masitepe, jekete ili m'thupi,
mpaka mdima wa folo koloko unandipeza pomwepo.
Palibe anandiuza kuti kuchira nakonso kumabwerera m'mbuyo
ngati galimoto yophonya mphambano.

Achimwene aimba foni kuchokera ku Mponela:
"Tamva kuti anakutsegula. Apezamo chiyani?"
Ndati: apezamo inu nonse,
pamodzi ndi ngongole ya malata ija.

Usiku ndimamvetsera.
Ndili mnyamata ndinkaweta ng'ombe za amalume,
ndinkazithyapa ndi chikoti,
kuzitukwana zikalowa m'chimanga cha eni.
Tsono iwe, ng'ombe yopanda dzina,
unkadya msipu wa kuti?
Sunamve mbiri yanga?
Ukutsegula, ukutseka, ukutsegula,
osafunsa chiphaso,
osasunga mangawa.

Mdzukulu wanga Zione walondola chipsera ndi chala
kuchokera pakhosi mpaka pamwamba pa mimba.
"Agogo, muli ndi zipi."
Ndaseka. Chapweteka.
Ndasekanso, pilo ali kutali.

Lero ndi sabata yachisanu ndi chiwiri.
Polo yakhumi ndi chimodzi ili pakhomo pa sitolo ya a Hitesh.
Andiyang'ana pamwamba pa magalasi,
nati ankayesa ndinasamuka.
Ndatsala pang'ono kuwayankha kuti inde,
ndinafika pa chipata, katundu ali pamutu,
koma anandibweza.
M'malo mwake ndagula kabotolo kamkaka, kakang'ono kaja.

Potuluka, basi yadutsa,
pachiwongolero pali mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa kukhota pa Belgrave.
Waliza hutala.
Ndakweza dzanja kulekeza paphewa,
pomwe waya wanena kuti basi, pakwana.

Mapolo khumi ndi imodzi kubwerera.
Sindinawawerenge onse, ndinaiwala pakati,
maso ali pa galu wa eni wovala juzi.
Pawindo Eneless akupukuta galasi
lomwe analipukuta kale dzulo.

Ndalowa. Ndavula nsapato ndekha.
Ndathira madzi a makapu awiri okha m'ketulo.
Iye watambasula dzanja, kenaka walibweza,
walipinda m'thumba la juzi.

Ndanyamula.